Matchanelo Angati pa Khadi la Netiweki? Mmene Dalaivala wa Linux Amagawira Ntchito

Nkhani ya lero ikukhudza nambala imodzi imene anthu ambiri ogwiritsa ntchito intaneti sadzaiona ndi maso awo, ngakhale kuti mauthenga amene amatumiza tsiku ndi tsiku amadutsa m'makina amene nambalayo inaikidwamo ndi katswiri wina kapena ndi pulogalamu ina. Nambala imeneyi ndi chiwerengero cha matchanelo amene khadi la netiweki limaloledwa kugwiritsa ntchito, makamaka m'makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, amene amasunga masamba a pa intaneti ndi kuyankha anthu zikwizikwi pa nthawi imodzi. Khadi la netiweki ndi chipangizo cholumikiza kompyuta ku waya wa netiweki, ndipo silidziyendetsa lokha, koma limalamulidwa ndi pulogalamu yotchedwa dalaivala, imene imakhala mkati mwa kernel, ndiko kuti gawo lapakati la pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse. Zitsanzo zambiri zichokera ku Linux, kernel imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, chifukwa zolembedwa zake zili poyera ndipo aliyense angathe kuona mmene opanga ake anaganizira pa nkhaniyi.

Tchanelo chimapangidwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi mzere. Uthenga wa pa netiweki umayenda m'tizidutswa totchedwa mapaketi, ndipo dalaivala amakonzeratu malo opanda kanthu mu memory ya kompyuta n'kupatsa khadi mndandanda wa malowo, kuti paketi ikangofika khadi liikhuthulire pamalo otsatira popanda kudikira pulosesa. Kulemba kotereku, kumene chipangizo chimachita chokha, kumatchedwa DMA. Chachiwiri ndi interrupt, chimene ndi chizindikiro chochokera ku khadi chouza pulosesa kuti isiye kaye zimene ikuchita n'kudzatenga zimene zafika. Malinga ndi kafotokozedwe ka Linux, tchanelo ndi interrupt imodzi pamodzi ndi mizere yonse imene ingathe kuiyambitsa, ndipo matchanelo amagawidwa m'mitundu inayi: olandira mapaketi okha, otchedwa rx, otumiza okha, otchedwa tx, ophatikiza kulandira ndi kutumiza pa interrupt imodzi, otchedwa combined, ndi otsala, otchedwa other, amene amanyamula nkhani zina monga yoti waya walumikizidwa kapena wazuka.

Mbiri ya nkhaniyi inayamba ndi kusowa. Kompyuta ya IBM PC ya 1981 inali ndi chipangizo cha Intel 8237 chokhala ndi matchanelo a DMA 4 okha, ndipo pamene PC/AT inatuluka mu 1984 ndi zipangizo ziwiri zotere, matchanelo anakwana 8, koma chimodzi chinathera polumikiza zipangizo ziwirizo, n'kutsala 7. Chimodzimodzinso njira za interrupt zinali 16 pa pepala koma zogwiritsika zinali 15. Munthu wogula khadi la mawu la Sound Blaster, limene kampani ya Creative ya ku Singapore inayamba kugulitsa mu 1989, ankayenera kusuntha yekha tizitsulo tating'ono pa khadipo posankha interrupt, kenako n'kulemba mzere wonena A220 I5 D1 kapena wofanana nawo, wouza mapulogalamu kuti khadi lili pa adiresi 220, interrupt 5 ndi tchanelo cha DMA 1. Makhadi oyambirira ankabwera ataikidwa pa interrupt 7, imene inalinso ya polumikizira makina osindikizira, ndipo zipangizo ziwiri zikakumana pa nambala imodzi mawu ankaduka kapena kompyuta inkangouma. M'masiku amenewo funso la katswiri linali lakuti tchanelo chopanda mwini chatsala kuti.

Kusowa kumeneku kunatha pamene interrupt inasiya kukhala waya n'kusanduka uthenga. Muyezo wa PCI 2.2 unabweretsa njira yotchedwa MSI, imene chipangizo chimadzutsira pulosesa polemba nambala pa adiresi yapadera, ndipo chipangizo chimodzi chinaloledwa kukhala ndi ma interrupt ofika 32. Kenako PCI 3.0 inabweretsa MSI-X, imene inakweza malirewo kufika pa 2048, ndipo chofunika koposa n'chakuti interrupt iliyonse inapatsidwa adiresi yakeyake, kotero kuti ingathe kulunjikitsidwa ku gawo la pulosesa limene woyendetsa makina wafuna. Kuyambira pamenepo funso linatembenuka, pakuti katswiri wa lero sasaka tchanelo chotsala, koma ayenera kusankha kuti pa matchanelo ambiri amene alipo atsegule angati.

Chimene chinapangitsa kuti matchanelo ambiri afunike chimaoneka bwino m'masamu. Muyezo wa Ethernet wa magigabiti 10 pa sekondi unavomerezedwa mu 2002, ndipo pa liwiro limenelo, mapaketi akakhala aang'ono kwambiri, a mabaiti 64, waya umodzi umatha kubweretsa mapaketi 14.88 miliyoni pa sekondi, kutanthauza kuti paketi iliyonse ili ndi nthawi ya ma nanosecond 67 okha, pamene nanosecond ndi gawo limodzi la magawo biliyoni a sekondi. Pulosesa yothamanga pa ma gigahertz 3 imagunda pafupifupi ka 200 pa nthawi imeneyo, ndipo kungopita kamodzi kukatenga chinthu ku memory yaikulu kungathe kudya gawo lalikulu la nthawiyo. M'zaka zomwezo, cha m'ma 2005, opanga mapulosesa analeka kudalira kukweza liwiro chifukwa cha kutentha ndi kudya magetsi, n'kuyamba kuika m'pulosesa imodzi magawo angapo odziimira paokha otchedwa ma core. Linux inali kale ndi njira yotchedwa NAPI, imene Jamal Hadi Salim, Robert Olsson ndi Alexey Kuznetsov anaifotokoza mu 2001, imene imatseka interrupt kwa kanthawi mapaketi akachuluka kuti pulosesa izingotunga mu mzere mpaka utaphwa. Komabe NAPI sinathe kusintha mfundo yakuti mzere umodzi umatumikiridwa ndi core imodzi pa nthawi imodzi, kotero kuti seva inkatha kukhala ndi core imodzi yolemedwa mpaka kutaya mapaketi pamene ma core ena onse ali phee.

Yankho lake ndi njira yotchedwa RSS, imene Microsoft inaikonza poyamba chifukwa cha Windows ndipo makhadi ambiri a maseva anaitengera. Paketi ikafika, khadi limatenga adiresi yochokera, adiresi yopita ndi manambala a madoko awiri a kulumikizanako, n'kuzisakaniza ndi masamu otchedwa Toeplitz kuti pakhale nambala imodzi. Nambalayo imasankha malo pa tebulo laling'ono, limene pa makhadi ambiri limakhala ndi malo 128, ndipo pamalopo pamalembedwa mzere umene paketiyo iyenera kulowa. Ubwino wake ndi wakuti mapaketi onse a kulumikizana kumodzi amatulutsa nambala yofanana, motero amalowa mzere umodzi ndipo amafika motsatana monga anatumizidwira, chinthu chimene TCP, njira yoyendetsera mauthenga ambiri a pa intaneti, imachifuna kwambiri, pakuti ikaona mapaketi asokonezeka dongosolo imatha kuganiza kuti ena atayika n'kuchepetsa liwiro. Zimafanana ndi banki kumapeto kwa mwezi, kumene mlonda wa pakhomo amalozera munthu aliyense windo lake potengera nambala ya akaunti: kutsegula mawindo ambiri kumafupikitsa mizere malinga ngati kuseri kwa windo lililonse kuli kalaliki, koma mawindo akaposa makalaliki, kalaliki mmodzi amangothamanga kuchoka pa windo lina kupita pa lina ndipo palibe amene athandizidwa msanga.

Mu Linux chiwerengerochi chimaonedwa ndi kusinthidwa ndi pulogalamu yotchedwa ethtool, ndipo njira yofanana ya madalaivala onse yochitira zimenezi inalowa mu kernel mu 2011. Isanabwere, dalaivala aliyense ankakhala ndi kachitidwe kake, kawirikawiri nambala yoperekedwa pa nthawi yomuyatsa, imene inkakhudza makhadi onse a mtundu umenewo nthawi imodzi ndipo inkatchulidwa mosiyana pa kampani iliyonse. Woyendetsa seva akalemba ethtool ndi kamzere ndi chilembo chaching'ono cha l, n'kutsatiza dzina la khadi, amalandira manambala a magulu awiri, gulu loyamba losonyeza malire amene chipangizo sichingapyole pa mtundu uliwonse wa tchanelo, ndi lachiwiri losonyeza amene akugwira ntchito pakali pano. Akalemba chilembo chachikulu cha L, n'kuwonjezera mawu akuti combined ndi nambala 8, amakhala atapempha matchanelo ophatikiza 8. Kugawa manambala m'magulu awiri motere n'koyenera kuyamikiridwa, chifukwa kumalekanitsa chimene chipangizo chingathe ndi chimene mwini makina wasankha, ndipo dalaivala wabwino amanena choyambacho moona n'kusiya chachiwiricho m'manja mwa munthu wodziwa ntchito ya sevayo.

Lamulo limeneli ndi lalifupi polilemba, koma ntchito ya dalaivala poliyankha ndi yaikulu komanso yoopsa. Madalaivala ambiri amayenera kuimitsa khadi, kudikira kuti DMA yonse imene ili m'njira ithe, kubweza memory ndi ma interrupt a mizere yakale, kupempha zatsopano, kulembanso tebulo la RSS, kenako n'kudzutsa khadi, ndipo pa masekondi amenewo netiweki imatha kuduka. Vuto lenileni limabwera ngati memory yatsopano yasowa zakale zitabwezedwa kale, pakuti khadi limatsala lozima, ndipo katswiri amene amalamula sevayo ali kutali kudzera pa khadi lomwelo amakhala atadzitsekera kunja, mpaka wina apite kumene kuli makinawo. N'chifukwa chake oyang'anira gawo la netiweki mu Linux amalimbikitsa olemba madalaivala atsopano kuti aziyamba apeza zonse zofunika pa chiwerengero chatsopano, ndipo akalephera akane pempholo n'kusiya khadi likugwira ntchito monga kale. Kalembedwe kameneka n'kovuta ndipo kamafuna memory yowirikiza kwa kanthawi, koma mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi seva yosowa mwadzidzidzi pa netiweki.

Malire oyamba a chiwerengero amachokera ku chipangizo, ndipo si nthawi zonse pamene amafanana ndi nambala yolembedwa pa chikalata chogulitsira. Chipangizo cha Intel 82599, chimene chinatuluka mu 2009 n'kufalikira m'maseva ambiri a magigabiti 10 ndipo chimayendetsedwa ndi dalaivala wotchedwa ixgbe, chili ndi mizere 128 yolandira ndi 128 yotumiza, koma RSS yake imatha kumwaza mapaketi pa mizere 16 yokha. Zotsatira zake n'zakuti pa seva ya ma core 40 munthu angathe kutsegula matchanelo 40 n'kudabwa kuona kuti mapaketi ambiri akugwera pa 16 oyambirira, popeza mizere yotsalayo imafikiridwa ndi njira ina yotchedwa Flow Director, imene imalozera kulumikizana kodziwika ku mzere wosankhidwa. Ma interrupt nawonso satsimikizika, pakuti dalaivala amapempha kwa kernel potchula chiwerengero chochepetsetsa chimene angagwire nacho ntchito ndi chochulukitsitsa chimene akufuna, ndipo ayenera kukhala wokonzeka kulandira chilichonse pakati pa ziwirizo n'kuchepetsa matchanelo ake molingana ndi zimene wapatsidwa.

Malire achiwiri, amene ambiri amawaphonya, ndi mapulosesa ndi memory. Mzere uliwonse uli ndi mtengo wake: pa ixgbe mzere wolandira umayamba ndi malo 512, ndipo malo alionse amasungiridwa makilobaiti 2, kotero kuti mzere umodzi umadya megabaiti imodzi kapena kuposerapo ngakhale pasadutse paketi. Kuchuluka kwa memory pakokha si vuto pa seva yaikulu, koma memory yaing'ono yothamanga kwambiri imene ili mkati mwa pulosesa, yotchedwa cache, ndi yochepa, ndipo mizere yambiri imakankhana m'menemo ndi mapulogalamu amene sevayo inagulidwira. Palinso chinthu china chosaonekera msanga: mapaketi omwewo akagawidwa pa mizere yambiri, mzere uliwonse umalandira ochepa, motero interrupt iliyonse imabweretsa mapaketi ochepa, ndipo ntchito yonse yoyankha ma interrupt imakwera ngakhale kuti uthenga wodutsa sunachuluke. Malangizo olembedwa a kernel amanena mosabisa kuti amene akufuna kuyankha mwamsanga kwambiri angatsegule mizere yofanana ndi ma core, koma amene akufuna kunyamula katundu wambiri mosawononga mphamvu apeze chiwerengero chochepetsetsa chimene sichisefukira. Amawonjezanso kuti hyperthreading, njira imene core imodzi imadzionetsera ngati awiri, siinaonetse phindu pa ntchito ya ma interrupt, choncho owerengedwa akhale ma core enieni. Pa maseva a mapulosesa awiri, kumene pulosesa iliyonse ili ndi memory yakeyake ndipo khadi limalumikizidwa ku imodzi mwa ziwirizo, dongosolo lotchedwa NUMA, tchanelo chotumikiridwa ndi core ya pulosesa yakutali chimachititsa kuti paketi iliyonse iwoloke mlatho wa pakati pa mapulosesawo, ndipo nthawi zambiri matchanelo ochepa okhala mbali yoyandikira khadi amagwira bwino kuposa ochuluka omwazika mbali zonse.

Maganizo a opanga kernel pa chiwerengero choyambira, chimene dalaivala amatenga munthu asanasankhe, akhala akusintha. Mu 2012 anaika lamulo limene madalaivala angapo anayamba kutsatira, lakuti mizere isapitirire 8 ngakhale ma core akhale ambiri chotani, pofuna kupewa kuwononga memory pa makina akuluakulu. Makhadi atafika pa magigabiti 100, mizere 8 inayamba kuchepa, ndipo mu 2022, pa Linux 5.18, lamulolo linasinthidwa kukhala theka la ma core enieni. Pali malo amodzi pamene yankho ndi 1 nthawi zonse, ndiwo kernel yaing'ono ya kdump, imene imadzuka kernel yaikulu ikagwa kuti isunge umboni wa chimene chalakwika, ndipo popeza imapatsidwa memory yochepa kwambiri, khadi lotsegula mizere yambiri lingathe kuimaliza umboniwo usanalembedwe. Nambala ya 8 inali yolondola pa nthawi yake, ndipo theka la ma core ndi lolondola pa maseva ambiri a lero, koma zonse ziwiri ndi zongoyerekeza za munthu amene sanaione seva imene ikukambidwa.

Kernel ilinso ndi mapempho amene imakana dalaivala asanawaone n'komwe. Imakana chiwerengero chopyola malire amene dalaivala ananena, ndipo imakana chimene chingasiye khadi lopanda njira yolandirira kapena yotumizira. Imakananso kuchepetsa matchanelo ngati woyendetsa makina analemba yekha tebulo la RSS ndipo tebulolo likulozabe mzere umene ukanachotsedwa, pakuti mapaketi akanatumizidwa kumalo kumene kulibe. Ndipo AF_XDP, njira yopatsira pulogalamu mzere wa khadi mwachindunji, itabwera mu 2018, kernel inayambanso kukana kuchotsa mzere umene khadi likulembera mapaketi ake molunjika mu memory ya pulogalamu yotere. Kale yankho la zonsezi linali limodzi, nambala yongonena kuti pempholo n'lolakwika, ndipo katswiri ankatsala akulota chifukwa chake. Koma njira yatsopano yolankhulirana pakati pa ethtool ndi kernel, imene Michal Kubeček anaiyambitsa mu 2020, imalola kernel kubweza chiganizo chofotokoza chimene chaletsa, ndipo kusintha kumeneku kwapulumutsa nthawi yambiri ya anthu ogwira ntchitoyi.

M'makompyuta ongoyerekeza, amene amagawana seva imodzi yeniyeni ndipo ndi amene makampani ambiri amabwereka masiku ano, chiwerengerochi chimaikidwa kawiri. Khadi loyerekeza lotchedwa virtio-net linalandira mizere yambiri mu Linux 3.8 mu 2013, ndipo mwini seva yeniyeni ndi amene amaika malire, pamene wobwereka amasankha mkati mwa malirewo. Pa zaka zoyambirira dalaivala ankadzuka ndi tchanelo chimodzi chokha ngakhale atapatsidwa ambiri, mpaka munthu atalamula ndi ethtool, ndipo makina ambiri ankayenda choncho eni ake osadziwa. Pa tizipangizo tating'ono nkhani ndi yosiyana, popeza zipangizo zambiri zomangidwira mkati mwa chip chimodzi sizitha kudzifotokoza zokha, ndipo dalaivala amawerenga chiwerengero cha matchanelo a DMA m'chikalata chotchedwa device tree. Chip cha BCM2835 cha Broadcom, chimene chinali mu Raspberry Pi yoyamba ya 2012, chili ndi matchanelo a DMA 16, koma ena mwa iwo ndi a pulosesa ya zithunzi, imene ili ndi pulogalamu yakeyake. Choncho chikalatacho chimapatsa Linux mndandanda wa matchanelo ololedwa, ndipo dalaivala wongowerenga kuti alipo 16 n'kuwatenga onse akanalanda tchanelo chimene mnzake akuchigwiritsa kale ntchito, lomwe ndi vuto lija la masiku a Sound Blaster.

Malire achitatu ndi ntchito imene sevayo ikugwira, ndipo amenewa sadziwika popanda kuyeza. Woyendetsa seva amayang'ana fayilo yotchedwa interrupts m'chikwatu cha proc kuti aone kuti tchanelo chilichonse chikudzutsa core iti ndiponso kangati, amayang'ananso ziwerengero za mzere ndi mzere zimene ethtool imapereka ndi chilembo chachikulu cha S, kuti adziwe ngati pali mzere umene ukutaya mapaketi, ndipo akapeza chiwerengero choyenera ayenera kuchilemba pamalo okhalitsa, monga m'fayilo ya link ya systemd, pulogalamu imene imakonza zinthu kompyuta ikamayaka, pakuti chimene chalamulidwa ndi ethtool chimaiwalika kompyuta ikazimitsidwa. Nthawi zina kuyezako kumaonetsa kuti chiwerengero sichinali vuto n'komwe. Popeza RSS imasunga kulumikizana kumodzi pa mzere umodzi, seva imene ntchito yake ndi kusamutsa fayilo yaikulu pa kulumikizana kumodzi kwa TCP idzalemetsa core imodzi kaya matchanelo ndi 4 kapena 64, ndipo zimachitikanso chimodzimodzi pamene makasitomala onse akudutsa mu ngalande imodzi yobisidwa pakati pa maofesi awiri, popeza khadi limaona maadiresi awiri okha a kunja kwa ngalandeyo. Zikatere kuwonjezera matchanelo kumangodya memory, ndipo chothandiza ndi kugawa ntchitoyo pa kulumikizana kungapo, kapena kugwiritsa ntchito khadi lotha kuwerenga maadiresi a mkati mwa ngalande pamene ngalandeyo si yobisidwa.